Solenoidi ya VVT-i: Kuiyeza, Kuitsuka ndi Kuisintha Pakhomo

Kabuku ka mabanja okhala ndi galimoto ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma

Mawu oyamba

Galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan zinafika kale m'midzi mwathu. Sienta, Probox, Vitz, Passo ndi Corolla ndi zimene zikunyamula anthu pa msewu wa M12, kuchoka mumzinda wa Lilongwe kudutsa pa Mpingu ndi pa Msundwe mpaka ku Namitete. Ndi zomwezonso zimene zimalowa m'misewu yafumbi ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma zitasenza mtedza, soya ndi feteleza. Banja limene lili ndi galimoto yotere limadyera pomwepo, ndipo wodwala akadwalika usiku, ndi yomweyo imene imathamangira ku chipatala cha St Gabriel's kapena cha Kabudula.

Tsiku lina nyali yachikasu ya check engine imayaka pa dashibodi. Galimoto imayamba kufooka pachitunda, petulo n'kumatha msanga. Apa ndi pamene ndalama za mabanja ambiri zimathera: lero agula mapulagi, mawa pampu ya petulo, mkuja wina wawauza kuti injini yatha. Chonsecho nthawi zina vuto limakhala pa kachipangizo kamodzi kotalika ngati chala, komangidwa ndi bawuti imodzi yokha. Kachipangizoka ndi solenoidi ya VVT-i, imene mabuku a Toyota amaitcha OCV.

Kabuku aka kakuphunzitsani kuizindikira, kuiyeza, kuitsuka ndi kuisintha. Uthenga wake waukulu ndi umodzi: yezani musanagule, ndipo samalani oyilo, chifukwa solenoidi imagwira ntchito ndi oyilo ndipo imafanso ndi oyilo. Ntchitoyi angaigwire bambo, mayi kapena wachinyamata aliyense wodziwa kugwira sipanala modekha.

1. Solenoidi imeneyi imachita chiyani?

Injini imapuma. Imakoka mpweya ndi petulo kudzera m'mavalavu olowetsa, zimayaka mkati, kenako utsi umatuluka kudzera m'mavalavu otulutsa. Amene amatsegula mavalavuwa ndi mtengo wachitsulo wa mabwamphu wotchedwa kamshafuti, umene umazungulitsidwa ndi tcheni. M'injini zakale, nthawi yotsegulira mavalavu inali imodzimodzi, kaya galimoto yangoima kaya ikukwera phiri. Kuyambira mu 1995, kampani ya Toyota inayamba kuika njira ya VVT-i, imene imasuntha kamshafuti pang'ono kuti mavalavu azitseguka mofulumirirako kapena mochedwerako malinga ndi ntchito imene injini ikugwira. Zotsatira zake ndi mphamvu zokwanira pa petulo wochepa.

Chimene chimasuntha kamshafuti ndi mphamvu ya oyilo wa mu injini momwemo. Kumapeto kwa kamshafuti kuli giya yokhala ndi tizipinda mkati. Oyilo akalowa mbali ina ya tizipindato, kamshafuti imatsogola. Akalowa mbali inayo, imabwerera. Solenoidi ndiye mlonda wa njira ya oyiloyo. Imachita ngati mlimi wa kudimba amene amatsegula ngalande iyi n'kutseka inayo kuti madzi apite kumene akufunika. Kompyuta ya galimoto imatumiza magetsi, maginito a m'kati mwa solenoidi amakankha kachitsulo koyenda mu kapaipi, ndipo magetsi akachoka, sipuling'i imakabweza.

Zitsanzo za m'kabuku aka zatengedwa pa injini ya 1NZ-FE ya 1,496 cc ndi mng'ono wake 2NZ-FE ya 1,298 cc, chifukwa ndi zimene zachuluka kuno. 1NZ-FE imapezeka mu Sienta yakale ya mtundu wa NCP81, yopangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, mu Probox, mu Corolla NZE121 ndi mu Axio NZE141. Injinizi zili ndi solenoidi imodzi. Zina zatsopano, zolembedwa kuti Dual VVT-i, zili ndi ziwiri. Galimoto za Nissan, Honda ndi Mazda nazo zili ndi zipangizo zofananako, koma malo ndi miyezo yake n'zosiyana. Dzina la injini yanu mulipeza pa kachitsulo kapena kapepala ka nambala ya chesisi, pakhomo la kutsogolo kapena mkati mwa boneti.

2. Chimene chimaiwononga kwathu kuno

Mpata umene kachitsulo ka m'kati kamayendamo ndi wochepa kwambiri, moti kachidutswa ka dothi n'kokwanira kukagwira. Zoyambitsa zake n'zodziwika:

- Kuchedwa kusintha oyilo. Oyilo wokalamba amasanduka phala lakuda lomata, limene limatseka timabowo.
- Fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, misewu ya kumudzi imafuka. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena ikakhala yosakhazikika bwino, fumbi limalowa mu injini n'kukathera mu oyilo.
- Oyilo wopungula, wogulitsidwa m'mabotolo osamata m'mbali mwa msewu. Simungadziwe mtundu wake, ngakhalenso ngati ndi watsopano.
- Oyilo wolemera kwambiri. Ambiri amathira 20W-50 m'galimoto iliyonse poganiza kuti oyilo wokhuthala ndiye wamphamvu. Injinizi anazipangira oyilo wopepuka monga 5W-30. Wokhuthala amachedwa kudutsa m'timipata ta VVT-i, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi.
- Oyilo wochepa mu injini. Akaperewera, mphamvu yosunthira kamshafuti imasowa ngakhale solenoidi ili bwinobwino.
- Zomatira za silikoni zimene ena amapaka mowirikiza potseka chivundikiro cha injini. Tizidutswa take timathothokera mkati n'kukatseka sefa.

3. Zizindikiro

Solenoidi ikayamba kuvuta, mungaone chimodzi kapena zingapo mwa izi: nyali ya check engine kuyaka, injini kunjenjemera kapena kuzima galimoto itangoima, monga pasiteji podikira anthu, kufooka pachitunda kapena pofuna kupitirira lole, petulo kutha msanga, oyilo kunyowetsa pamene solenoidi yalowera kapenanso mkati mwa pulagi yake ya magetsi.

Chenjerani: zizindikiro zomwezi zimabweranso chifukwa cha mapulagi otha, koyilo yakufa, fyuluta ya mpweya yotsekeka kapena petulo wosakaniza wogula m'zigubu. N'chifukwa chake sitikulangiza kuti muthamangire kogula.

4. Zinthu zitatu zoyamba musanamasule bawuti

Choyamba, onani oyilo. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani, dikirani mphindi zisanu. Solorani kachitsulo koyezera oyilo, pukutani, bwezerani, soloraninso. Oyilo akhale pakati pa timadontho tiwiri. Tsegulaninso chotsekera cha pothirira oyilo ndipo muunike mkati ndi tochi. Mukaona phala lakuda, dziwani kuti gwero la vuto mwalipeza. Pali galimoto zimene zimachira ndi kungosintha oyilo ndi fyuluta yake.

Chachiwiri, onani waya ndi pulagi ya solenoidi. Galimoto zogona pafupi ndi nkhokwe kapena shedi ya fodya zimalowedwa makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya. Mabampu a msewu nawo amasomola pulagi imene kaloko kake kanathyoka.

Chachitatu, ikani galimoto pa makina oyezera a kompyuta. Polowetsera makinawo ndi pansi pa chiwongolero, pa pulagi ya mabowo 16. Amakaniko ambiri a mumzinda ndi ena a m'matawuni a m'mbali mwa M12 ali ndi makinawa. Tizipangizo totsika mtengo tolumikiza ku foni timathandizanso, ngakhale kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan timalephera kuziwerenga. Lembani nambala imene yatuluka musanalole kuti aifufute:

- P0010, kapena P1656 pa Toyota zakale: vuto lili pa magetsi a solenoidi, kaya waya, pulagi kapena solenoidi yeniyeniyo.
- P0011 kapena P0012, kapena P1349 pa zakale: kamshafuti sikufika pamene kompyuta ikufuna. Kawirikawiri ndi oyilo wakuda kapena wochepa, kasefa kotsekeka, kapena solenoidi yogwira.
- P0016: kamshafuti ndi krankishafuti sizikuyendera limodzi. Likhoza kukhala tcheni chotanuka kapena chodumpha mano. Imeneyi si ntchito ya pakhomo.

5. Zida zofunika

Konzeranitu sipanala ya bokosi ya 10 ndi chogwirira chake, sikuludiraiva yaphwatalala, pulayazi, alenikiyi, tochi, nsanza zoyera zosathothoka ulusi, mankhwala opopera otsukira kabureta, mita yoyezera magetsi, mawaya awiri aafupi, kamphira kozungulira katsopano ka solenoidi (O-ring), oyilo watsopano ndi fyuluta yake, ndiponso beseni lakale lolandirira oyilo wakutha. Ngati mulibe mita, bwerekani kwa okonza mawailesi, mafoni kapena magetsi a sola pamsika. Iwo amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

6. Chitetezo

Gwirani ntchitoyi injini itazizira, makamaka m'mawa isanayende. Kokani handibuleki, ikani miyala kumatayala, chotsani kiyi ndipo muike m'thumba mwanu. Sankhani malo a mthunzi opanda mphepo ya fumbi. Pasakhale wina wosesa pabwalo kapena wopeta chimanga pafupi. Mankhwala opopera amayaka msanga, choncho mbaula, ndudu ndi kandulo zikhale kutali, ana nawonso atalikire.

Kuchotsa waya wa batire wa chizindikiro cha (-) ndi njira yotetezeka. Koma dziwiranitu zinthu ziwiri: manambala a vuto amene kompyuta inasunga akhoza kufufutika, ndipo mawailesi ena a ku Japan amakana kuyakanso popanda kakhadi kake kapena nambala yachinsinsi. Werengetsani kaye manambalawo, ndipo onetsetsani za wailesi yanu.

Ngati galimoto yanu ndi ya hybrid, monga Aqua kapena Prius, musakhudze mawaya a mtundu wa olenji. Ali ndi magetsi okhoza kupha munthu.

7. Kuchotsa solenoidi

Gawo 1. Tsegulani boneti n'kuima kutsogolo kwa galimoto. Pa 1NZ-FE ndi 2NZ-FE, solenoidi ili kudzanja lanu lamanzere, mbali imene kuli lamba, pamutu wa injini chakutsogolo, pamwamba pa alitaneta. Ndi yobulungira, ili ndi pulagi ya mawaya awiri, ndipo yagwidwa ndi bawuti imodzi. Ngati chivundikiro cha pulasitiki chikutchinga, masulani manati ake ndi sipanala ya 10.

Gawo 2. Jambulani malowo ndi foni kuti mudzakumbukire mmene zinalili.

Gawo 3. Pukutani fumbi ndi matope onse ozungulira. Dothi lililonse lotsala pamenepo lidzagwera m'bowo la oyilo.

Gawo 4. Dinani kaloko ka pulagi ndi chala n'kuikoka pogwira pulagi yeniyeniyo, osati mawaya. Pulasitiki ya galimoto yakale imakhala youma, imathyoka msanga.

Gawo 5. Yalani kansanza pansi pake kuti oyilo asadonthere pa alitaneta ndi pa lamba. Masulani bawuti n'kuisunga m'kambale.

Gawo 6. Gwirani thupi lachitsulo la solenoidi, ipotozeni pang'onopang'ono uku ndi uku, mukuikokera kunja molunjika. Ikakhala zaka zambiri osachotsedwa imamatirira. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa: amaikanula mwamphamvu ndi chitsulo, mutu n'kuduka, kapaipi kake n'kutsalira mu injini. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thirani timadontho ta oyilo m'mphepete mwake, dikirani, potozaninso. Ikakanitsitsa, bwezerani bawuti ndi pulagi, mupite nayo kwa amakaniko.

Gawo 7. Ikatuluka, onani kuti O-ring yakale yatuluka nayo limodzi. Tsekani bowo ndi kansanza koyera.

8. Kuiyeza ndi kuitsuka

Iyang'aneni pa dzuwa. Kapaipi kake kali ndi timawindo tingapo, ndipo mkati mumaoneka kachitsulo konyezimira. Ngati timawindoto tadzaza phala lofiirira kapena lakuda, solenoidiyo mwina ndi yamoyo, yangogwidwa ndi litsiro. Koma mukaona tizidutswa tachitsulo tonyezimira, imani. Mu injini muli chimene chikudyeka, ndipo pakufunika katswiri.

Muyezo woyamba ndi wa mita. Ikani mita pa chizindikiro cha Ω, pa muyezo wotsika, n'kugunditsa nsonga zake pa timano tiwiri ta solenoidi. Pa injini za 1NZ-FE ndi 2NZ-FE, yabwino imaonetsa ma ohm 6.9 mpaka 7.9 pa kutentha kwa madigiri 20. Tsiku lotentha nambalayi imakwerako pang'ono. Mita ikapanda kusuntha n'komwe, waya wa mkati anaduka. Ikaonetsa pafupi ndi 0, mawaya a mkati agundana. Pa zonse ziwirizi, kutsuka sikungathandize, gulani ina.

Ikapambana muyezo umenewu, itsukeni. Igwireni pulagi itayang'ana kumwamba kuti mankhwala asalowe kumagetsi, popererani m'timawindo mpaka zotuluka zikhale zoyera. Musaikwechese ndi sandipepala, musaitokose ndi msomali. Isiyeni iume kotheratu.

Muyezo wachiwiri ndi wa batire la 12V. Lumikizani mawaya awiri pa timano ta solenoidi mosamala kuti asagundane, kenako gunditsani ku batire kwa kamphindi kochepa chabe n'kuchotsa. Yabwino imalira kuti "tha", kachitsulo ka mkati n'kusuntha, ndipo mukachotsa magetsi kamabwerera msanga. Bwerezani kangapo. Ikamayenda mozengereza, ikamatsalira panjira kapena ikangoti zii ngakhale mwaitsuka, yatha. Yathanso ngati oyilo akutulukira mkati mwa pulagi yake.

9. Kasefa kamene ambiri amakaiwala

Oyilo asanafike pa solenoidi amadutsa m'kasefa kakang'ono ka mawaya osalala. Pa injini zimenezi kali pamutu wa injini pomwepo, pansi pang'ono pa solenoidi, kuseri kwa chotsekera chomasula ndi alenikiyi. Kasefaka kakatsekeka, ngakhale solenoidi yatsopano sigwira ntchito, ndipo nyali imayakanso patangopita masiku ochepa. Malo ake ndi opanikiza chifukwa cha alitaneta. Ngati chida chikulowa bwino, masulani chotsekeracho, solorani kasefa mukuonetsetsa mbali imene kanaloza, katsukeni ndi mankhwala omwe aja, ndipo kakakhala kong'ambika, ikani kena. Ngati alenikiyi sikukhazikika bwino, musakakamize, mungawononge mutu wa chotsekera. Pemphani amakaniko akuchitireni gawo lokhali.

10. Pogula ina

Pitani ndi zinthu zitatu: solenoidi yakale, dzina la injini ndi nambala ya chesisi. Mumzinda wa Lilongwe zipangizo za galimoto zimapezeka m'masitolo a ku Malangalanga ndi m'magalaja a ku Biwi. Funsani mtengo m'malo angapo, poti mitengo imasinthasintha. Yerekezani yatsopano ndi yakale pamaso pa wogulitsa: kutalika kwake, timawindo, mawonekedwe a pulagi ndi pamene pali bowo la bawuti. Zina zimaoneka zofanana koma ndi za injini ina.

Yochotsa m'galimoto yophwasula ikhoza kukutumikirani bwino ngati mwaiyeza ndi mita ndi batire musanalipire. Yatsopano yotchipa modabwitsa muikayikire. Tengani lisiti, ndipo gwirizanani kuti mudzaibweza ikapezeka yosayenera. Ulendo wochoka ku Nambuma kapena ku Kabudula kudzasinthitsa kachipangizo kolakwika umadya ndalama ndi tsiku lathunthu.

11. Kubwezera

Gawo 1. Chotsani kansanza m'bowo, pukutani m'mphepete.

Gawo 2. Pakani oyilo watsopano pa O-ring yatsopano. Musagwiritse silikoni kapena girisi.

Gawo 3. Lowetsani solenoidi molunjika ndi dzanja mpaka itakhala pansi. Musaikhome ndi nyundo, musaikokenso ndi bawuti.

Gawo 4. Yambani kumanga bawuti ndi zala, kenako malizani ndi sipanala. Muyezo wake ndi 7.5 Nm, kutanthauza kulimbitsa pang'ono ndi dzanja limodzi. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu; mukalimbitsa mopyola, mazinga amatha.

Gawo 5. Lowetsani pulagi mpaka imveke kuti yaloka.

Gawo 6. Sinthani oyilo ndi fyuluta tsiku lomwelo. 1NZ-FE imalowa malita pafupifupi 3.7 mukasinthanso fyuluta. Thirani pang'onopang'ono mukuyeza.

Gawo 7. Bwezerani waya wa batire ngati munauchotsa, lizani injini, isiyeni itenthe. Unikani ndi tochi ngati oyilo akudontha. Poyamba ikhoza kunjenjemera pang'ono pamene kompyuta ikuzolowera.

Gawo 8. Fufutitsani nambala ya vuto ndi makina aja, kenako yendetsani galimoto pa phula, mukwerenso chitunda. Tsatirani nyali kwa masiku angapo, chifukwa mavuto ena kompyuta imawaonetsa paulendo wachiwiri.

12. Nthawi yoti musiye n'kupita kwa amakaniko

Safunsa anadya phula. Musapitirire nokha ngati nyali yofiira ya oyilo yayaka injini ikulira. Zimitsani pomwepo ndipo musaiyendetse. Pitaninso kwa katswiri ngati injini ikuchita phokoso la zitsulo polizidwa m'mawa, chifukwa kawirikawiri limachokera ku giya ya VVT-i kapena ku tcheni. Chimodzimodzi ngati oyilo wasanduka woyererako ngati tiyi wamkaka, ngati nyali ya check engine ikuphethira, kapena ngati nambala ya vuto yabweranso mutasintha solenoidi, kutsuka kasefa ndi kuthira oyilo watsopano. Sankhani makaniko wokhala ndi makina oyezera, amene angakuonetseni chimene wapeza asanakutumeni kogula. Pemphani kuti akubwezereni chipangizo chakale chimene wachotsa.

13. Kupewa kuti vutoli lisabwerenso

Pa misewu yathu yafumbi ndiponso pa galimoto zonyamula katundu wolemera, sinthani oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse, kapena pa miyezi 6 ngati galimoto siyendayenda. Gulani oyilo wa m'chigubu chomata, cholembedwa mtundu wake ndi chizindikiro cha API SL, SM kapena SN. Yezani oyilo sabata iliyonse. M'chilimwe, tsegulani fyuluta ya mpweya kawirikawiri. Ikada kwambiri kapena ikabooka, sinthani.

Musatsuke mkati mwa injini ndi dizilo kapena palafini. Zimamasula phala lambiri nthawi imodzi, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Injini ikakhala yakuda mkati, ndi bwino kusintha oyilo mofupikitsa maulendo awiri kapena atatu otsatizana.

Sungani kabuku m'galimoto kolembamo tsiku la sevisi, makilomita ndi mtundu wa oyilo. Ngati galimoto imayendetsedwa ndi dalaivala wolembedwa ntchito, mwiniwake azikhalapo pa tsiku la sevisi. Pa ndalama zimene galimoto imabweretsa tsiku lililonse, patulani kagawo ka oyilo. Mabanja odalira ulimi asungiretu ndalamazi pa nthawi yogulitsa fodya, mtedza ndi soya.

Oyilo wakutha ndi woopsa. Musamutaye pafupi ndi mjigo, chitsime, dimba, kapena m'makwawa othira mu mtsinje wa Namitete ndi wa Bua. Musamupake pa zilonda za ziweto kapena pakhungu la munthu. Muthireni m'chigubu chotseka bwino, chosakhala cha madzi akumwa kapena cha mafuta ophikira, muike posafika ana, ndipo mukamusiye kugalaja kumene amasonkhanitsa.

Mawu omaliza

Solenoidi ya VVT-i ndi kachipangizo kamene banja lingathe kukasamala lokha ndi sipanala ya 10, mita yobwereka ndi mtima wodekha. Nyali ikayaka, yambani ndi oyilo, onani waya, werengetsani nambala, yezani solenoidi, ndipo mugule pokhapokha miyezo itakuuzani kuti yatha. Mukawerenga kabuku aka, gawanani ndi dalaivala wanu, ana anu ndi anzanu a pasiteji, ndipo lero lomwe tsegulani boneti muone oyilo wa galimoto yanu.